MBIRI YA SOCRATES, MPHUNZITSI WA KU ATHENS

Owerenga athu amene amakonda buku la Macitidwe a Atumwi akumbukira kuti pa mutu wa 17 timawerenga za ulendo wa Paulo Mtumwi ku Atene, ndi kuti mtima wace unabvutika poona mudziwo uli wodzala ndi mafano. Mudzi umenewo ndiwo Athens, m'dziko la Greece, kwao kwa Ahelene. M'bwalo la malonda lomwelo, m'mene Paulo anatsutsana ndi anthu tsiku ndi tsiku, munali kuyenda munthu wina zaka 450 Paulo asanafikeko, wopanda nsapato, wobvala copfunda cimodzi cakutha, nayenso ali kufunsa anthu za moyo wao. Dzina lace ndiye Socrates, ndipo mwezi uno tifuna kufotokoza mbiri yace.

Munthuyu sanali Mkristu, pakuti anafa Ambuye wathu asanabadwe, ndipo masiku ace mabuku a Mose ndi a aneneri anali asanamasuliridwe m'cinenero ca Ahelene. Kuunika kumene anali nako kunali kwakung'ono. Koma kuunika kwakung'onoko anakutsata kufikira imfa, ndipo ndi cifukwa cace tiyesa kuti mbiri yace iyenera kulowa m'kalata yathu. Tikumbutse owerenga kuti zaka zonse za moyo wace ndizo za Kristu asanabadwe, zimene ziwerengedwa cobwerera m'mbuyo: caka ca 470 ndico cakale, ndipo ca 399 cidza pambuyo pace.

Mudzi wace ndi milungu yace

Socrates anabadwa pafupi ndi caka ca 470, ku Alopece, kamudzi ka kunja kwa linga la Athens. Atate wace, Sophroniscus, anali wosema miyala, ndipo amace, Phaenarete, anali mzamba. Zaka 10 asanabadwe iye, m'caka ca 480, Ahelene anagonjetsa ngalawa za Xerxes mfumu ya Perisiya pafupi ndi cisumbu ca Salamis. Kuyambira pamenepo Athens unakula, nulemera, nukhala mudzi womveka pa midzi yonse ya Ahelene.

Mudziwo unalibe mfumu. Amuna onse a mfulu anali kusonkhana pa citunda ca Pnyx, namapanga malamulo ndi kukweza manja. Ndipo ambiri a akapitao a mudzi anasankhidwa ndi maere. Koma tisaiwale kuti akazi analibe mau pa msonkhanowo, ngakhale alendo okhala m'mudzi, ngakhale akapolo, amene anali ambirimbiri. Masiku a unyamata wa Socrates, mtsogoleri wao Pericles anamangitsa pa phiri la pakati pa mudzi kacisi wamkuru wa Parthenon, amene anayamba kummanga m'caka ca 447. M'kati mwace mmisiri Phidias anaimika fano la Athena, la golidi ndi minyanga ya njobvu. Fanolo linatayika kale, koma nsanamira za kacisiyo ziri ciimire kufikira lero.

Milungu ya Ahelene inali yambiri. Anati wamkuru wa yonse ndiye Zeus, wokhala pa phiri la Olympus. Poseidon ndiye wa nyanja, Apollo wa kulosera ndi nyimbo, ndi Athena wosunga mudzi wao. Ana anali kuphunzira nthano za milunguyi m'ndakatulo za Homer ndi Hesiod, naziloweza pamtima. Koma m'nthanozo milungu inali kukangana, ndi kunyengana, ndi kucita cigololo. Anati Cronus anameza ana ace omwe, ndi kuti Zeus mwana wace anamgwetsa nammanga. Cipembedzo cotere sicinafunse za mtima wa munthu. Cinafuna nsembe ndi madyerero pa masiku ace. Ndipo anthu anaopa kuti munthu mmodzi akanyoza milungu, mkwiyo wace udzagwera mudzi wonse. Mantha amenewo tiwasunge m'mtima, pakuti tidzakomana nao pa mlandu wa Socrates.

Msilikari

M'caka ca 431 inabuka nkhondo pakati pa Athens ndi Sparta, ndipo siinathe kufikira caka ca 404. Socrates anamuka kunkhondo katatu ngati msilikari wa cikopa ndi mkondo: ku Potidaea, ku Delium m'caka ca 424, ndi ku Amphipolis m'caka ca 422. Ku Potidaea kunali cisanu coopsa, ndipo anzace anakulunga mapazi ao m'zikopa za nkhosa. Koma iye anayenda pa madzi oundana wopanda nsapato, wosadandaula. Komweko mnyamata womveka, dzina lace Alcibiades, analasidwa nagwa. Socrates anaima pa iye namcinjiriza, nampulumutsa pamodzi ndi zida zace, ndipo mphotho ya ulemu analola kuti ipatsidwe kwa mnyamatayo. Tsiku lina mmawa anaima ciriri ali kulingalira kanthu, naima pomwepo usana wonse ndi usiku wonse, asilikari ena atagona pafupi kuti aone citsiriziro cace. Kutaca anapemphera kwa dzuwa, nacoka. Ku Delium, pamene nkhondo ya Athens inathawa mobalalika, iye anabwerera pang'onopang'ono, ali kuceukira adani, ndipo iwo anaopa kumyandikira.

Nchito yace ya kufunsa

Maonekedwe ace sanali okoma. Anali wa mphuno yaphwatalala, maso otuzuka, milomo yaikuru ndi mimba yaikuru. Mkazi wace anali Xanthippe, ndipo anabala naye ana amuna. Onse analipo atatu. M'nyumba mwao munali umphawi, popeza mwamunayo sanasamalire za kupeza cuma.

Ciyambi ca nchito yace cinali cotere. Ku Delphi kunali kacisi wa Apollo, kumene Ahelene anali kumuka kukaombeza, ndipo mkazi wolosera ndiye anali kuwayankha m'dzina la mulunguyo. Bwenzi la Socrates, Chaerephon, anamuka kumeneko nafunsa ngati alipo munthu wanzeru woposa Socrates. Ndipo anamyankha kuti palibe. Pakumva ici Socrates anazizwa, pakuti anadziwa mwa iye yekha kuti alibe nzeru. Cotero ananyamuka kukafuna munthu womposa. Anayamba ndi akuru oweruza mudzi, napeza kuti adziyesa anzeru koma sali otero. Anamuka kwa opeka ndakatulo, napeza kuti sakhoza kumasulira mau ao omwe. Anamuka kwa amisiri, napeza kuti nchito ya manja ao aidziwadi, koma cifukwa ca ico ayesa kuti adziwanso zinthu zonse zazikuru. Potsiriza anazindikira kuti nzeru yeniyeni iri kwa Mulungu yekha, ndi kuti iye aposa enawo m'kanthu kamodzi kokha, ndiko kuti cimene sacidziwa sayesa kuti acidziwa.

Kuyambira pamenepo anayesa kufunsako nchito yoikidwa pa iye ndi mulungu. Analibe nyumba ya sukulu, ndipo sanalembe buku ngakhale limodzi. Masiku amenewo kunali aphunzitsi oyendayenda, amene anali kuphunzitsa anyamata olemera macenjerero a kulankhula pabwalo, nalandira ndalama zambiri. Koma Socrates sanalandire kanthu kwa munthu. Anali kuceza ndi yense wokomana naye, mkuru kapena mnyamata, mfulu kapena mlendo, namfunsa kuti cilungamo nciani, kulimba mtima nciani, kuopa milungu nciani.

Plato, wophunzira wace, atisimbira za kuceza kwace ndi Laches, kazembe wa nkhondo. Kazembeyo anati wolimba mtima ndiye msilikari woima pa malo pace wosathawa. Socrates anamkumbutsa za ankhondo ena amene amamenyana ali kubwerera m'mbuyo, nagonjetsa adani mwa njira yomweyo. Namfunsanso za munthu wolimba mtima pa namondwe wa panyanja, ndi pa nthenda, ndi pa umphawi. Kazembe uja, amene anakalamba ndi nkhondo, anabvomera kuti cinthuco aciona m'mtima mwace koma sakhoza kucinena. Socrates anali kufanizira nchito yace ndi ya amace: monga mzamba sabala mwanayo koma athandiza wobala, comweco iyenso sapatsa munthu nzeru, koma amthandiza kuturutsa cimene ciri m'kati mwace, kuti aone ngati ciri camoyo kapena cakufa.

Ciphunzitso cace cacikuru cinali cakuti munthu asamalire moyo wace wa m'kati koposa thupi ndi cuma ndi ulemu. Ndi kuti kucitiridwa coipa nkwabwino koposa kucita coipa, popeza wocita coipa aononga moyo wace womwe. Anaphunzitsanso kuti sikuyenera kubwezera coipa kwa munthu ali yense, ngakhale mdani. Mau awa anali acilendo kwa Ahelene, amene anakula ndi mwambo wakuti mwamuna weniweni athandiza abwenzi ace nasautsa adani ace. Ananenanso kuti cibadwire anali kumva liu m'kati mwace, limene silinamlamulire kanthu, koma linali kumletsa pamene afuna kucita cosayenera.

Anyamata anamkonda, namtsata m'makwalala, nakondwera poona akuru ali kusowa coyankha. Koma akuru amene anacititsidwa manyazi anasunga mangawa. M'caka ca 423 Aristophanes anaonetsa sewero la Mitambo, m'mene anamseka Socrates ngati munthu wokana Zeus ndi wophunzitsa ana kunyenga ndi kupanda atate ao. Anthu anaseka tsiku limenelo, koma mbiri yoipayo inakhala m'mitima mwao zaka zambiri.

Masiku awiri a kuyesedwa

Kulankhula za cilungamo nkwapafupi. Tsono tione ngati anacita monga ananena.

M'caka ca 406 ngalawa za Athens zinapambana pa nkhondo ya ku Arginusae, koma kunadza namondwe, ndipo akazembe sanathe kuvuula anthu a m'ngalawa zosweka. Anthu ambiri anamira. Msonkhano wa mudzi unapsa mtima, nufuna kuweruza akazembe onse pamodzi ndi ciweruzo cimodzi, cimene cinali cosemphana ndi lamulo, pakuti lamulo linati yense aweruzidwe payekha. Nthawi imeneyo maere anali atagwera Socrates kuti akhale mmodzi wa otsogolera msonkhano. Khamu linapfuula, niliopseza otsogolerawo kuti nawonso adzatsutsidwa, ndipo onse anagonja, koma Socrates yekha anakana. Sanathe kuwapulumutsa, akazembe 6 anaphedwa, ndipo pambuyo pace anthu anamva cisoni ndi cimene anacita. Koma dzanja lace silinali m'mwazi umenewo.

M'caka ca 404 Athens unagonja kwa Sparta, ndipo ulamuliro unapatsidwa kwa amuna 30, amene anapha anthu ambiri ndi kulanda cuma cao. Mcitidwe wao unali wakutuma anthu abwino kukagwira osalakwa, kuti onse adetsedwe ndi mlandu umodzi. Anaitana Socrates ndi amuna ena 4, nawalamulira akatenge Leon wa ku Salamis kuti aphedwe. Anai aja anamuka, nakamtenga, ndipo Leon anaphedwa. Socrates anaturuka m'nyumbamo nanka kwao. Akadamupha cifukwa ca ici, koma ulamuliro wa amunawo unagwa m'caka ca 403. Cotero anakaniza khamu la anthu, nakanizanso olamulira ankhanza, ndipo cifukwa cace cinali cimodzi comweco.

Mlandu

M'caka ca 399, Socrates ali wa zaka 70, amuna atatu, Meletus ndi Anytus ndi Lycon, anamsumira kubwalo. Anamnenera kuti salemekeza milungu imene mudzi uilemekeza, kuti alowetsa milungu yatsopano, ndi kuti aipsa anyamata. Pansi pa mau awa panali cironda cina. Alcibiades uja, amene Socrates anampulumutsa, anali atapandukira mudzi wace nathandiza Sparta. Ndipo Critias, woipitsitsa wa amuna 30 aja, anali kuceza ndi Socrates pa unyamata wace. Anthu otopa ndi nkhondo ndi mliri ndi kuphana anafuna kudziwa amene anautsa mkwiyo wa milungu, ndipo maso ao anagwera nkhalamba yofunsafunsayo.

Oweruza anali ngati 500, anthu wamba osankhidwa ndi maere, ndipo mlandu wonse unatha tsiku limodzi. Nthawi ya kulankhula anailinga ndi mtsuko wa madzi wobooka pansi. Unali mwambo kuti woimbidwa mlandu adze nao mkazi ndi ana ace, alire pamaso pa oweruza kuti amcitire cifundo. Socrates anakana kutero, popeza woweruza analumbira kuweruza monga mwa lamulo, ndipo sikuyenera kumkopa kuti aswe lumbiro lace. Anawafotokozera za ku Delphi, naloza umphawi wace kuti ukhale mboni yace. Anadzifanizira ndi nchenche yoluma imene idzutsa kavalo wamkuru waulesi, ndipo kavaloyo ndiye Athens. Anawauzanso poyera kuti ngakhale ammasule ndi pangano lakuti aleke kufunsa, sadzaleka, pakuti ayenera kumvera mulungu koposa iwo. Monga sanathawe pa malo pamene akazembe anamuika kunkhondo, sadzathawanso pa malo pamene mulungu anamuika.

Anamtsutsa, koma kusiyana kunali kwakung'ono. Oweruza 30 akadatembenuka, akadamasulidwa. Lamulo linalola kuti wotsutsidwa achule cilango cina m'malo mwa cimene omnenera anapempha, ndipo akadapempha kupitikitsidwa m'dziko, kapena akadalola. Koma iye anati comuyenera ndico kudyetsedwa ndi mudzi masiku onse, monga acitira opambana pa masewera a ku Olympia. Pambuyo pace, pomkakamiza Plato ndi Crito ndi abwenzi ena, anabvomera kulipa ndalama. Oweruza anasankha imfa. Iye sanawatemberere, koma anawauza kuti munthu wabwino palibe coipa cingamgwere, pa moyo kapena pa imfa. Nawapempha kuti ana ace akakula, nakakonda cuma koposa ukoma, awadzudzule monga iye anadzudzula iwo.

M'ndende

Imfa yace inacedwa masiku 30 cifukwa ca mwambo wina wakale. Nthano yao inati kalekale Athens unali kupereka anyamata 7 ndi anamwali 7 ku cisumbu ca Crete, kuti adyedwe ndi Minotaur, cirombo ca thupi la munthu ndi mutu wa ng'ombe. Ndi kuti Theseus anamuka nao, napha ciromboco, nawapulumutsa. Pokumbukira cowinda ca nthawi imeneyo anali kutumiza ngalawa caka ndi caka ku Delos, cisumbu copatulika ca Apollo, ndipo kunali koletsedwa kupha munthu ngalawayo isanabwere. Mwambowo unayamba dzulo lace la mlandu wa Socrates.

Ngalawa iri pafupi kufika, Crito, bwenzi lace la ubwana ndi munthu wacuma, analowa m'ndende mbanda kuca, nampeza ali m'tulo tokoma. Anamuuza kuti zonse zakonzeka, ndalama za alonda zilipo, ndi abwenzi ali kumlindira ku Thessaly. Anamdandaulira cifukwa ca ana ace, ndi cifukwa ca manyazi a abwenzi ace, amene anthu adzati anakonda ndalama koposa mnzao. Socrates anamva zonse mofatsa, nayamba kumfunsa monga mwa mcitidwe wace. Anamkumbutsa cimene anabvomerezana zaka zonse, kuti sikuyenera kucita coipa ngakhale pobwezera coipa. Namfunsa ngati mau amenewo asanduka cabe lero cifukwa imfa yayandikira. Anakhala m'mudzimo zaka 70, nabadwa ndi kuleredwa pansi pa malamulo ace, wosafuna kusamukira kwina. Tsono akawaswa tsiku limene amtsutsa iye, adzakhala wotsimikiza mau a omnenera. Crito anasowa coyankha.

Tsiku lotsiriza abwenzi anasonkhana mamawa. Plato sanalipo, pakuti anadwala. Xanthippe analira kwambiri, ndipo anamperekeza kunyumba. Tsiku lonse anakambirana ngati moyo wa munthu ukhalabe thupi litafa. Socrates anayembekeza kuti ukhala, ndi kuti kuli ciweruzo ca abwino ndi oipa, angakhale sanalimbike kuti zonse ziri monga momwe anazifanizira. Madzulo anakasamba, kuti akazi asabvutike ndi kusambitsa mtembo wace, natsazika ana ace. Mlonda wa ndende anadza kudzamuuza kuti nthawi yakwana, nalira misozi, popeza anali asanasungepo munthu wofatsa wotere.

Anamtengera cikho ca mankhwala akupha a citsamba ca hemlock. Owerenga asayese kuti unali mwabvi woyesa nao ngati munthu ali wolakwa. Mlandu unali utatha, ndipo cikhoco cinali cilango cokha, cimene womwa sakhala ndi moyo. Anacilandira dzanja losanthunthumira, napempherera ulendo wace, namwa conse. Abwenzi anayamba kulira mokweza, koma iye anawatontholetsa. Anayendayenda kufikira miyendo inalema, nagona cagada, ndipo kuzizira kunakwera kucokera kumapazi. Mau ace otsiriza anali akukumbutsa Crito kuti ali ndi mangawa a tambala kwa Asclepius, mulungu wa kuciritsa, ndi kuti asaiwale kulipira. Pamenepo anatsirizika, ndipo Crito anamtseka maso ndi pakamwa.

Cimene tiphunzirapo

Omnenera anayesa kuti atseka pakamwa pace, koma anabzala mbeu. Plato ndi Xenophon analemba za iye, ndipo mabuku ao awerengedwa kufikira lero. Plato anayamba sukulu ya Academy, m'mene anaphunzira Aristotle. Ndipo Aristotle anaphunzitsa Alexander, amene nkhondo zace zinafalitsa cinenero ca Ahelene m'maiko a kum'mawa. Cinenero cimeneco ndico cimene Cipangano Catsopano cinalembedwa naco. Zaka za m'ma 150 Kristu atabadwa, Justin, Mkristu wophunzira amene anaphedwa ku Rome cifukwa ca cikhulupiriro cace, analemba kuti coonadi ciri conse cimene Socrates anaciona, anaciona ndi kuunika kwa Mau omwewo amene pambuyo pace anasandulika thupi.

Sitifuna kumkuza koposa muyeso. Anapereka nsembe kwa milungu ya kwao monga anzace, ndipo tambala uja aonetsa kuti anafa ali m'kati mwa cipembedzo ca makolo ace. Anayesa kuti munthu acimwa cifukwa ca kusadziwa kokha, ndi kuti wodziwa cabwino adzacicita. Koma Paulo, pa Aroma mutu wa 7, atiphunzitsa cimene mitima yathu icitira umboni, kuti munthu akhoza kudziwa cabwino nacitabe coipa. Socrates anakhoza kuonetsa munthu nthenda yace, koma analibe mankhwala a kuiciritsa. Za kuuka kwa akufa, zimene Paulo analalikira pa Areopagi, iye sanazidziwe.

Koma mbiri yace ititsutsa ife. Iye anali ndi liu laling'ono lomletsa, ndipo analimvera pamaso pa khamu lokwiya, ndi pamaso pa olamulira akupha, ndi pamaso pa bwenzi lomkonda, limene kulikaniza nkobvuta koposa onse. Ife tiri nalo Buku lonse m'cinenero cathu, ndi cikumbu mtima counikiridwa ndi Mau a Mulungu. Nanga pamene mlandu wa mbale wathu uli pabwalo ndipo tidziwa kuti ali wolakwa, timanena ciani? Pamene onse a pamudzi aloza cala munthu mmodzi wopanda womnenera, kodi timaima naye, kapena timakhala cete kuti asatide? Pamene wamkuru atituma nchito yosalungama, kodi tiri mwa anai aja amene anamuka ku Salamis, kapena tifanana ndi mmodzi uja amene ananka kwao? Yense wa ife adzifunse yekha mwezi uno, napemphe kwa Ambuye mphamvu ya kutsata kuunika kumene tapatsidwa.